Utsi wa a Nyundo

Magetsi anali atazima, ndipo jenereta ya a Nyundo inali ikubangula kale pamene Chete ankafika kuchokera kusukulu. Sanalowe m'nyumba. Anazembera kuseri kwa shedi yowotchereramo zitsulo, chikwama chikadali kumsana.

A Nyundo ndiwo anali eni nyumba. Jenereta yawo inkamwa dizilo wosakaniza ndi mafuta okazingira otha ntchito, ndipo paipi yake ya utsi inkaloza pawindo la chipinda chimene Chete ndi amayi ake ankachita lendi. Amayiwo anali atangotuluka kumene m'chipatala. Akamatsokomola, chifuwa chawo chinkalira ngati sowo ikudula thabwa louma.

Namwino anali atamufotokozera Chete bwinobwino. M'njira ya mpweya muli timaselo ta ubweya timene timasesa fumbi kuti lisafike m'mapapo. Utsi umenewu, ngakhale uzinunkhira ngati zokazinga, ukafika pamenepo timaseloto timatupa n'kusiya kusesa.

Dzulo lake Chete analimba mtima n'kukawauza a Nyundo, maso ali pansi.

"Iwe Chete, lero wapeza pakamwa?" anatero a Nyundo, makasitomala akumva. "Awa ndi mafuta a zomera, mwana iwe. Ukamawapuma umanenepa!"

Onse anafa nako kuseka. Chete anatembenuka n'kuchokapo. Sankayankha munthu chibadwire, koma sankaiwalanso.

Tsopano anaima kuseri kwa shediyo n'kuyang'anayang'ana. Matiresi a a Nyundo anali atatsamira khoma pafupi ndi khomo la amayi ake. Ngakhale dzuwa lathu akulifuna, anatero chamumtima. Pawindo lawo panalibe katani. Amayi achapanso, chikhalirecho kuchipatala anawaletsa kugwira madzi ozizira.

Ankadziwa kuti masana a Nyundo amaisiya jenereta ikulira, iwo n'kukagona kuchipinda kwawo, mbali ina ya shedi kumene utsi sunkafika. Windo la chipindacho linali lotsegula pang'ono.

Chete anavula juzi n'kukulunga m'manja. Paipi inali yaitali, yopindika, yotentha zedi. Anaikoka pang'onopang'ono, kuitembenuza, mpaka kukamwa kwake kunalowa pampata wa windolo. Anaichirikiza ndi njerwa kuti isagwe.

Utsi wotuwa unayamba kukhuthukira m'katimo.

"Nenepani," ananong'ona.

Anakhala pa chitini chakale cha penti n'kumadikira. Choipa chitsata mwini. Ankaona m'maganizo timaselo ta a Nyundo tikutupa, tikufota kamodzikamodzi ngati udzu wothiridwa madzi otentha. Patapita kanthawi, pansi pa phokoso la injini, anamva wina akutsokomola m'chipindamo. Mtima wake unazizira bwino. Sanadzuke msanga. Anati aupume kaye utsiwo, audziwe.

Kenako anatola juzi yake n'kuzungulira shedi. Pakona anakumanizana ndi a Nyundo, thukuta lili kamukamu, atanyamula katani ya amayi ake ndi beseni la mbale.

"Chete, wabwera? Landira izi," anatero, osamuyang'ana kumaso. "Zija unanena dzulo zandisowetsa tulo. Kwanuku ndizigonako ndine. Amako ndawasamutsira kuchipinda kwanga, kumene kulibe utsi. Akugona, usawadzutse."

Kuseri kwa shedi, sowo ija ya m'chifuwa cha amayi inaliranso.