Ameni wa Kamba

Padangokhala, Gologolo ndi Nyani. Tili tonse!

Chaka china masuku adabereka mpaka nthambi kulendewera, ndipo awiriwa adakangana kuti woyamika Mulungu koposa ndani.

"Ine ndimapempherera suku lililonse ndisanalibise m'mphako," adatero Gologolo. "Inu a Nyani mumangoti 'Zikomo Ambuye,' basi n'kugwedeza mtengo wonse. Kumwaza mphatso za Mulungu chotere?"

Nyani adaseka. "Mulungu pobereketsa mtengowu sadayeze mimba yanga yokha. Tiyeni tipemphere, tione amene ayankhidwe Ameni."

Gologolo adapemphera mpaka mawu kusasa, kuyamika mvula, dzuwa ndi mitengo. Nkhalango idangoti zii.

Nyani adangoti, "Zikomo Ambuye," n'kugwedeza nthambi. Masuku adagwa ngati matalala.

"Ameni!" adafuula Kamba pansi pa mtengo. Iye sakwera mitengo, ndipo ana ake adagona ndi njala dzulo lake.

"Nanga pemphero langa lija?" Gologolo adafunsa.

"Linali lokoma, achimwene," adayankha Kamba, suku lili m'kamwa. "Koma lonse lapita kumwamba. La a Nyani, lina lagwera pansi pano."

Kanthano kanga kathera pamenepo.