Mpando Wachisanu ndi Chimodzi

Namaluwa anasita nsalu ya patebulo kachitatu. Mzere wa popinda unkaonekabe pakati, ndipo apongozi ake mzere wotere ankauona ali pakhomo.

Dzinali silinali lake. Analiyambitsa ndi alamu ake awiri pomunyoza, poti asanakwatiwe ndi mchimwene wawo ankagulitsa maluwa m'sitolo. Koma tsiku loyamba la chaka likafika, onse ankakumbukira kuti manja ake ndi aluso. Tebulo la nkhomaliro ya banja ankalikongoletsa ndi iyeyo. Alamuwo ankangolijambula n'kutumizira anzawo, osatchula amene wakonza.

Tebulolo linali ndi mipando isanu ndi umodzi. Odyerapo analinso asanu ndi mmodzi: apongozi onse awiri, mwamuna wake, alamu awiri aja, ndi mwamuna wa mlamu wamkulu. Kwa zaka zisanu ndi zitatu Namaluwa ankayala, kuyatsa makandulo, kupakula, kenako n'kukadyera kukhitchini chiimire, pafupi ndi potsukira mbale.

"Si nkhanza ayi," ankatero apongozi aakazi. "Mipando ndi yomweyi. Ukufuna tiikepo wa pulasitiki? Tiwononge ntchito yako yomwe?"

Mwamuna wake akamva zimenezi ankayang'ana m'mbale.

Amene ankaona anali apongozi aamuna okha. Akadya ankanamizira kufuna madzi, n'kubwera kukhitchini ndi keke yawo pa kambale. "Mwana wanga, chaka chamawa ndigula mpando wina," ankanong'ona motero. Chaka chilichonse mawu anali omwewo. Anamwalira miyezi inayi yapitayo, mpando asanagule. Amene anawadwazika mpaka tsiku lomaliza ndi Namaluwa. Ana awo anali otanganidwa.

Choncho mmawa wa tsikuli anafunsa mwamantha, maso ali pansi.

"Amayi, ndiike mbale zingati?"

"Funso lanji limenelo? Zisanu ndi imodzi, ngati kale." Apongozi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndipo uvale zooneka. Tijambulitsa. Epuloni yakoyo sindikuifuna m'chithunzi."

Atatsala yekha anawerenga ndi zala. Amayi. Mwamuna wake. Alamu awiri. Mwamuna wa mlamu. Asanu. Anawerenganso, anapezabe asanu. Anapita kwa mwamuna wake amene anali kumeta ndevu.

"Kodi kukubwera mlendo?"

"Mlendo wa chiyani? Ndi ife tokha."

Anabwerera m'chipinda chodyera mtima ukugunda ngati wakuba. Anachita manyazi ndi chimwemwe chakecho, poti mpandowo anausiya ndi munthu yekhayo amene ankamukonda m'nyumba imeneyo. Koma mwina bambo aja asanatsikire kulichete anamulankhulira. Mwina amayi nawo imfa inawafewetsa. Imfa imasintha anthu, anatero mumtima.

Chaka chino anasankha zoyera ndi zagolide. Anayala nsalu, n'kudutsitsa pakati pake kansalu konyezimira. Masamba aawisi amene anathyola kuseri kwa nyumba anawayala motsatira kansaluko, n'kubisamo timipira tagolide. Maluwa anawadula kukhala aafupi kuti anthu azionana nkhope podya. Makandulo atatu, lalitali pakati. Foloko kumanzere, mpeni kumanja, mano ake ataloza mbale. Matambula anawapukuta limodzilimodzi, n'kumawakwezera ku windo kuti aone ngati mwatsala chidindo cha chala.

Malo achisanu ndi chimodzi anawasiyira kumapeto. Kansalu kopukutira pakamwa anakapinda ngati duwa, n'kukamasula, poopa kuti angati wadzikondera. Anakapinda ngati tinzake. Kenako anasuzumira kukhomo. Kunalibe munthu. Anakoka mpandowo n'kukhalapo pang'ono chabe, manja pamiyendo. Anadabwa. Zaka zonsezi tebulo lake ankaliona kuchokera pamwamba, ataima. Munthu akakhala pansi, makandulo amaoneka m'matambula onse nthawi imodzi.

Anadzuka msanga n'kupukuta mpandowo ndi dzanja.

Dzuwa lili pamutu, banja linalowa. Namaluwa anali atavala diresi yobiriwira imene anaisunga m'sutikesi chikwatirire.

"Ee, taonani! Namaluwa wavala!" anakuwa mlamu wamng'ono. "Ukukwatiwanso kodi, alamu?"

"Musiye, nayenso ndi chokongoletsa," anatero wamkulu, foni ili kale m'mwamba kujambula makandulo.

Namaluwa anaseka nawo. Lero alamuwo akanatha kunena chilichonse. Anayi onse anakhala m'malo awo a masiku onse. Iye anaima pambali pa mpando wotsalawo, osaukhudza. Ankafuna auzidwe. Ankafuna amve ndi makutu ake, pamaso pa onse.

Apongozi analowa pomalizira, atanyamula chinthu chachikulu chokulunga m'nsalu yoyera. Anayang'ana tebulo lonse, kuyambira uku mpaka uko, ndipo kwa nthawi yoyamba sanakonze kanthu, ngakhale supuni.

"Wakonza bwino," anatero. "Sendera kuno. Koka mpandowo."

Namaluwa anaukoka, misozi italengeza m'maso. Anasonkhanitsa diresi yake kuti akhale.

Apongozi anavundukula nsalu ija n'kuimika pampandopo chithunzi chachikulu cha malemu amuna awo. Chinapendekeka. Anachiwongola, chinapendekekanso.

"Wawapakulira kale bambo?" anafunsa akukhala pansi. "Pakula. Ukatha uime kumbuyoko uziwagwirira, angagwe tikudya. Ndipo pojambula uwerame, nkhope yako isawaphimbe."