Mlonda wa Mazira

Nsomba ija inali kale m'manja mwa Marlene: bass yamphongo, yofiirira ngati mkuwa, kanyongolotsi kapulasitiki kakulendewera pakamwa pake.

"Iponye m'thankimu, chemwali," anatero mchimwene wake Orval, akutsegula chivundikiro cha thanki ya m'boti lawo. "Chikho cha mpikisano wowedza nsomba chaka chino ndi chathu."

Marlene anasuzumira m'madzi oyera a nyanja ya Erie. Pansi, pamiyala pomwe nsombayo inasesa ndi mchira wake, mazira anali poyera, opanda mlonda. Tinsomba takuda tinali titayamba kale kukhamukirapo.

"Iyi sinalume chifukwa cha njala, achimwene. Imachotsa chitsotso pamalo pa ana ake."

"Ulaliki wayambika? Lero ndi Loweruka, mayi mlaliki. A mpikisano akangoiyeza pasikelo, madzulo aibweza m'madzi ili yamoyo."

"Madzulowo ikapeza chiyani?"

"Ukufuna opikisana nafe aja, a Dombrowski, atisekenso chaka chathunthu? Botili ndi langa, usaiwale."

"Boti ndi lanu. Mbedza ndi yanga."

Orval anatambasula dzanja kuti alande nsombayo. Marlene anamuyang'ana m'maso osaphethira, mpaka dzanjalo linabwerera lokha. Mumtima mwake munali mbusa uja amene sathawa mmbulu ukafika pakhola, ndipo sanafune kuti amene wachotsa mbusa pankhosa akhale iye.

Anakolola mbedza, nawerama, natsegula manja m'madzi ozizirawo. Nsomba inaloza pansi ngati muvi, tinsomba tija n'kumwazika.

"Watiluzitsa," anatero Orval.

"Ndamva. Lizani injini, tikafune zopanda ana."