Makina Ometera Afera Pamutu

"Alamu, kagetsi kofiira kayamba kuphethira. Ndipatseni tchaja," anatero wometa, akuwaonetsa makina ometera.

Alamu akewo, eni shopu, anangogwedeza makiyi a kabati imene ankatsekeramo tchajayo.

"Ndinakuuza kale. Batire lizitheratu kaye. Ukamalipatsa moto lisanafe, lizolowera ulesi."

"Amenewo anali mabatire akale, alamu. Amasiku ano amawonongeka mukamawafinya choncho."

"Anagula makinawa ndani?"

Wometa anaika makinawo patebulo. Sabata yomweyo makasitomala awiri anali atatuluka akutukwana, tsitsi lili theka, kukamalizitsa kwa wometa wa tsidya la msewu. Wonyozeka anali wogwira makina, osati mwini makiyi.

Alamuwo anakhala pampando n'kudzifunditsa nsalu.

"M'malo molongolola, ndimete. Pakatha theka la ola ndikufunika kuukwati, ndipo woyendetsa mwambo ndine."

Makina anayenda bwinobwino kuchokera pakhutu lamanja mpaka pakati pamutu. Kenako analira ngati ntchentche yotopa, n'kungoti zii. Mbali imodzi inali yosalala ngati dzira, inayo tchire lokhalokha.

Alamuwo anayang'anitsitsa pagalasi, n'kuponya makiyi patebulo.

"Tchaja msanga."

Wometa anatsegula kabati mosafulumira, n'kulumikiza waya.

"Likafa chonchi limafuna maola awiri, ndipo makinawa sayenda ali pamoto."

Anakhala pabenchi ya makasitomala n'kutambasula miyendo.

"Koma musadandaule, alamu. Lero latheratu bwino. Likhalitsa."