Kadiso Kosayesa pa Mfuti ya a Gray

Panali munthu wina, Bambo Gray Chisale a ku Dedza, amene anali mlonda wa munda wa chimanga pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Karoi, m'zaka za Chitaganya. Pa pulazi yomweyo panalinso a Lazalo Kachingwe, mkulu wa mpingo amene anamenyako nkhondo ku Burma, ndi Che Yusufu, kapitawo. Amene anaona akuti zinachitikadi.

A Gray sankakhala kukomboni. Kanyumba kawo kanali m'mphepete mwa munda, kumene kunkatulukira nguluwe ndi anyani. Akazi awo anapita kumudzi ndi ana, osabweranso. Anatsala ndi galu, dzina lake Ndatsala, ndi mfuti yakale ya asilikali imene mzungu mwini pulazi anawabwereka kuti azilondera. Sadza, nsima ya kumeneko, ankagawana ndi galuyo, nkhani ankakambanso ndi galu yemweyo.

Tsono maso awo anayamba kuchita chifunga. Akati alunjike mfuti, kampata koyang'anirapo ndi kansonga ka kutsogolo zinkasakanikirana. Nguluwe anayamba kuziphonya, koma sanauze munthu. Ankaopa kuti mzungu akadziwa awalanda mfuti, ndipo ulonda uthera pomwepo.

Loweruka lina ali m'sitolo ku Karoi kufunsa mafuta opaka mfuti, mlendo wina wotchedwa Afonso anawakokera pakhonde.

"Achimwene, mukutsinzina ngati mukuyang'ana dzuwa. Mankhwala anu ndili nawo."

Anatulutsa kachitsulo kokhala ndi kabowo kakang'ono ndi tisikuluwu tiwiri.

"Aka timati kadiso. Mumangirire kumbuyo kwa mfuti, muzisuzumira pa kabowoka. M'sitolo muno sangakugulitseni inu, amasungira azungu."

"Nanga kukonza kwake?"

"N'kokonzakonza. Ingomangani, nyama igwa yokha."

A Gray anagula. Mawa lake, mapemphero atatha, anakaonetsa a Lazalo kuseri kwa tchalitchi.

A Lazalo anakatembenuza, nakasuzumira. "Kachitsuloka n'kabwino, sindikana. Kunkhondo mfuti zina zinali nako. Diso limapeza pakati lokha, ngakhale nkhalamba imaona bwino. Koma kadachoka pa mfuti ina, ndipo mfuti siziponya mofanana. Mupachike pepala pa chulu, muwombere, muone pamene chipolopolo chalowa, kenaka mupotoze tisikuluwuti mpaka mulase pakati. Komanso mfuti si yanu. Kayambeni mwapempha mwini wake."

"Ndikawomba masana, mzungu abwera ndi galimoto kudzafunsa."

"Mudzamuuze zoona."

"Zoonazo ndidzadya, akulu? Akamva za maso anga ndiye kuti ndatha."

"Ndiye musakamange, abale anga."

A Gray anabwerera ku kanyumba kawo, nakamanga pa mfuti. Analunjika pa chitsa popanda kuwomba, ndipo kansonga kanaoneka bwino lomwe ngati masiku a unyamata. Anaseka okha. "Waona, Ndatsala? Tabwerera."

M'mawa wina dzuwa likutuluka, galu anauwa kumunsi kwa munda, cha kumtsinje. A Gray anathamanga napeza nguluwe yaikulu itapanikizidwa pa thengo, Ndatsala akuiuwa chakumanzere. Anagwada, nasuzumira pa kabowo. Phewa la nguluwe linali mbee pa kansonga. Anawomba.

Nguluwe inathawa. Kuuwa kunaleka.

Anamupeza Ndatsala ali gone m'chimanga, akupuma movutika. Anamuika pamiyendo, namuitana dzina mpaka anasiya kupuma. Anamunyamula okha, namukwirira kuseri kwa kanyumba. Panalibe wowathandiza kugwira khasu.

M'mawa umenewo Mayi Keziya a kukomboni ankatunga madzi tsidya la thengo lomwelo. Anafika kwa kapitawo opanda ndowa, nadandaula kuti mfuti yawombedwa molunjika kumene iwo anali.

Madzulo ataweruka, Che Yusufu anaitanitsa a Gray ndi mfuti yawo pamaso pa akuluakulu a komboni.

"Ichi pamfutipa anakupatsani ndani?"

"Ndinagula."

"Munapempha?"

"Ayi."

"Munayesa?"

A Gray anapukusa mutu. Che Yusufu anatembenukira kwa a Lazalo. "Akulu a mpingo, inu mumadziwa?"

"Ndinkadziwa, ndipo ndinawaletsa. Sindinganame chifukwa ndi mbale wanga."

Atatero, a Lazalo anapempha chilolezo, napachika pepala pa chulu, nawomba. Chipolopolo chinalowa m'dothi, mkono wathunthu kumanzere kwa pepala. Anapotoza sikuluwu, nawombanso, napotozanso. Kenaka bowo linaoneka pakatikati pa pepala. Ntchito yonse inatha madzi a tiyi asanawire. 

Chigamulo chinali chakuti a Gray abweze mfuti, achoke ku munda, azikasonkha moto ku mabani owotchera fodya. Mzungu atamva anavomereza, nalamula kuti kadiso kakhale pomwepo, mfutiyo aipereke kwa mlonda wina. Mayi Keziya anati mtima wawo watsika. A Afonso sanaonekenso ku Karoi.

Che Yusufu anafunsa, "Bambo Chisale, muli ndi mawu?"

"Ndavomera. Chokhacho, mlonda watsopanoyo asalime kuseri kwa kanyumba."

Phunziro: Chida chatsopano, kaya n'chabwino chotani, chiyeseni poyera musanachidalire, ndipo katundu wa mwini musamusinthe osapempha. Mlendo amene akuti "n'chokonzakonza" sadzakhalapo tsiku la maliro. Thupi likayamba kufooka, nenani msanga, pakuti kubisa kudzakulandani ndi chimene chinakutsalirani. Uzani ana anu ndi anzanu a ku ntchito nkhani imeneyi, ena apulumuke.