Wokonza Makina a Juga Amene Anachedwa ku Chipatala

Panali munthu wina mumzinda umene nyumba za juga n'zambiri kuposa zipatala. Ntchito yake inali yokonza makina a juga, ndipo anthu ankangomuitana kuti Injiniya. Makina akafa ankawatsegula kumsana n'kuona matumbo ake onse. Ankadziwa bwino lomwe kuti anawapanga kuti azimeza zambiri n'kulavula pang'ono. Koma taonani uchitsiru wa munthu wophunzira: m'malo mowaopa, anayamba kudzitama kuti iye amamva ndi khutu makina akakhuta, akatsala pang'ono kusanza.

Kuntchito kwake antchito sankaloledwa kusewera, ndiye akaweruka ankawoloka msewu n'kukalowa kasino ina, nyumba inanso ya juga. Wailesi inapita, firiji inapita, ngakhale makina osokera a mkazi wake anatuluka m'nyumba dzuwa likuswa mtengo.

Pakhomo pa kasinoyo panali mlonda wachikulire wokonda kung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Tsiku lina anamugwira dzanja.

"Injiniya, ine khomo ili ndinalowa ndili ndi malole awiri. Lero ndikutsegulira anzanga chitseko. Bwererani kunyumba."

"Madala, inu munkasewera mwachimbulimbuli," anayankha Injiniya akuseka. "Ine makinawa ndimawadziwa m'kati. Kalalikireni kwina."

Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Mkazi wa Injiniya anali woyembekezera, ndipo masiku atayandikira anagonekedwa m'chipatala. Dokotala anaitana mwamunayo. "Mwana wakhala moipa ndipo mayiwa magazi ndi ochepa. Mawa tikufuna kuchita opaleshoni, koma magazi a gulu lawo atithera. Anu ndi ofanana nawo. Mufike 8 koloko m'mawa."

Mkaziyo anamuyang'ana ali chigonere. "Bambo, zonse zija munatenga ine sindinayankhule. Mawa lokha musanditaye."

Injiniya analumbira mpaka kutchula malemu mayi ake.

M'mawa anadzukadi nthawi yabwino, n'kunyamula chikwama cha zovala za khanda. Tsoka lake, msewu wa kuchipatala unkadutsa pa kasino ija. Pakona m'katimo munali makina amene anakhala akuwadyetsa milungu itatu, ndipo khutu lake linkamuuza kuti apsa. Atasuzumira anaona mayi wina akukoka mpando kuti akhalepo. Mtima unamuwawa ngati wina akumukololera munda.

"Chikwama cha mwana mukulowa nacho muno?" anafunsa mlonda.

"Ndikupita kukapereka magazi, mkazi wanga ali kuchipatala chachikulu. Mphindi khumi zokha, madala."

Injiniya anamuchonderera mayi wa pamakina uja mpaka anamusiyira mpando. Kenako anazimitsa foni, chifukwa ankati foni ikalira mwayi umathawa. M'nyumba zimenezi mulibe wotchi, mulibe zenera. Mlonda analowa kawiri kudzamukoka malaya, ndipo kachiwiriko bwana wa pamalopo anamukalipira kuti akusokoneza makasitomala. Mlondayo anavula chipewa cha ntchito, anachisiya pampando wake, n'kutuluka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti tsiku limenelo makinawo anasanzadi. Injiniya anatuluka dzuwa litapendeka, matumba ali tho, akumwetulira yekha. Atayatsa foni n'kuona mauthenga a kuchipatala, kumwetulira kunatha. Anathamanga.

Pabenchi la kunja kwa wodi anapeza mlonda uja atakhala, pamkono atamumata thonje. Namwino anatuluka n'kumuyang'ana Injiniya kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinu bambo ake? Mayi apulumuka ndi magazi a agogo awa, mwamwayi anafanana. Koma mwana tinamudikiritsa kwambiri, watisiya. Anali wamkazi."

Injiniya anakhala pansi pasimenti, munthu wamkulu, n'kulira mokweza. Ndalama zinali m'thumba, koma panalibe choti n'kugula.

"Madala, ine ndinkakunyozani. Mwatayanso ntchito chifukwa cha ine. Mwachitiranji zimenezi?"

"Inenso alipo amene anandipatsa magazi ake ndikumunyoza," anatero mkuluyo. "Dzina lake ndi Yesu. Sanandifunse kuti malole unapita nawo kuti. Gwadani, mwana wanga."

Injiniya sankadziwa kupemphera. Anangoti, "Yesu, ndalephera. Ndikanakhala inu, munthu ngati ine sindikanamulandira." Mkuluyo anamugwira paphewa n'kumalizitsa pempherolo.

Musaganize kuti zinthu zinaphweka. Anasiya ntchito ija n'kuyamba kukonza mafiriji pakhonde la sitolo ya munthu. Miyezi yambiri mtima unkamukokera ku juga akamva kulira kwa ndalama zachitsulo, ndipo kawiri konse mkulu uja anakamubweza ali pakhomo penipeni pa kasino. Chaka chitatha anabatizidwa.

Mkazi wake atatuluka m'chipatala anali atapita kukakhala kwa mchimwene wake. Injiniya anapita kumeneko, n'kugwada pabwalo alamu ake akuona.

"Mayi, ndinasintha. Ndikupempha tibwerere kunyumba."

Mkaziyo anayankha misozi ikutsika.

"Ndamva kuti munasintha, bambo, ndipo ndikuthokoza Mulungu. Kukhululuka ndinakukhululukirani kalekale. Koma tsiku lija ndinayang'ana chitseko cha wodi kuyambira m'mawa mpaka masana. Sindingathenso kukudikirani. Pitani bwino."

Injiniya anadzuka, anasansa fumbi m'mawondo, n'kubwerera yekha. Mpaka lero Lamlungu lililonse amakhala benchi lakumbuyo m'tchalitchi, ndipo poimba amalira.

Phunziro: Yesu amalandira munthu ngakhale atafika mochedwa, koma zina zimene juga yameza sizibwerera. Usadzinamize kuti iwe ukuidziwa, ndipo wokutsina khutu mumvere zinthu zisanaipe. Tumizirani uthengawu m'bale wanu amene amati "mphindi khumi zokha", mwina umufikira lero akadali ndi banja.