Nkhanu Yopita Kuhotela

Padangokhala Chule ndi ana ake, timbululu, m'damu lomwe mlimi ankawetamo nkhanu zandevu zogulitsa kumahotela. Mlimi akamwaza madeya, Nkhanu wamkulu ankapana aliyense woyandikira. Tsiku lina anadula mchira wa kamwana ka Chule.

"Iwe, ulibe manyazi?" anakalipa Chule, khosi litatupa. "Khandali lakulakwira chiyani?"

"Madeyawa ndi anga, achimwene. Ife ndife opita kuhotela. Inu amakufunani ndani?"

"Idya, mfiti iwe, unenepe!" anatero Chule akusisita mwana wake.

Nkhanu anadyadi mpaka kunenepa. Mlimi atabwera ndi ukonde wa maso akuluakulu, timbululu tinapulumukira m'mabowo, koma Nkhanu anakodwa.

"Achimwene, ndikokeni!"

Chule anangomutuzulira maso. "Pita, kuhotela akukudikira ndi mchere."